Mlonda wa Pakhomo Lachitatu

Ku Łódź kwada isanakwane folo koloko.
Chipale chofewa chaunjikana pazenera,
sitima yamumsewu ikukukuta njanji pakona,
ndipo Jagoda, mdzukulu wanga, wandifumbatitsa kachipangizo:
"Agogo, batani ili ndi lokwawira,
ili ndi losuzumirira. Musathamange, amamva."

Pa kanema ndine kazitape.
Ndavala zakuda bii, ndilibe dzina, ndilibe nyamakazi.
Andituma kukaba mapepala m'chipinda chapansi
padoko lina limene mvula yake sikata.
Ndakwawa m'ngalande, ndanyonyomala kuseri kwa migolo,
mpweya ndaugwira ngati matopewo andifikadi m'mphuno.

Kenaka ndamuona.
Mlonda wa pakhomo lachitatu.
Mapazi khumi ndi awiri kupita, aima,
ayasamula, aunika tochi pakhoma lopanda kanthu,
mapazi khumi ndi awiri kubwerera.

"Pompano!" Jagoda akunong'ona. "Mumzembere kumbuyo,
mumkanyange pakhosi, mumkokere mumdima."

Chala changa chauma gwa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ine Bogumił ndinalondera fakitale ya nsalu.
Ndikudziwa zimene zimayenda m'mutu mwa munthu
akamaunika khoma lopanda kanthu:
lendi, dzino lobooka, mkazi wagona yekha,
tiyi wandimu wazizira m'fulasiki,
ndi zala zakumapazi zofera m'jombo zothina.
Usiku wina wa Januwale ndinamva tswaa kuseri kwa mabelo a thonje.
Mtima unagunda mpaka m'mano.
Ndinafunsa kuti ndani, mawu anatuluka ngati a kamwana.
Anali mphaka.
Sindinauze munthu.

"Si munthu ameneyo, agogo, ndi manambala chabe.
Mukamupha n'kuyambiranso gemu
mumupeza ali pomwepo."

Eya, ndatero, ndiyo ntchito yake imeneyo:
kufa usiku, mawa n'kufika pa nthawi yake.

Ndiye ndafuna njira ina.
Ndakwera paipi, ndaterereka, ndagwa,
belu lalira, nyali zofiira ngwee, agalu, zipolopolo.
Tayambiranso.
Ndagwanso. Jagoda waseka mpaka kutsamwa ndi bisiketi.
Kachisanu ndatola botolo n'kuliponya kutali.
Mlonda watembenuka: "Ndani?"
Mawu ake sananjenjemere. Apo anamupanga molakwitsa.
Wapita, waunika, wapukusa mutu:
"Kaya ndi mphepo."
Ine ndadutsa kumbuyo kwake phee, ngati utsi,
osakhudza ngakhale kolala ya jekete lake.

Mapepala ndawatenga.
Kanema wandipatsa malikisi ochepa, ati ndachedwa.
Ndacheuka kuti ndidzitame,
Jagoda wagona kale, kukamwa yasa,
sokosi imodzi ili pansi.

Ndikanamuuza chinthu chimodzi.
Zaka zonsezo palibe kazitape anabwera,
palibe anakwawa m'ngalande, palibe anadula waya.
Amene anapulula fakitale yathu anabwera masana,
atamanga tayi, chikwama m'manja.
Anandipatsa moni pageti,
ine n'kuwatsegulira, n'kuwachitira sawatcha.
Lero m'menemo amagulitsamo nsapato ndi khofi.

Ndachepetsa mawu a kanema.
Ndabwerera padoko, ndanyonyomala kuseri kwa mgolo womwe uja.
Sindikufuna mapepala.
Mvula ikugwabe pachipewa chake,
ndipo iye akuwerenga mapazi ake khumi ndi awiri,
ine ndikumuwerengera nawo chamumtima.

Sadziwa kuti ndilipo.
Komabe usiku uno, kwa nthawi yoyamba,
pali wina amene akulondera mlonda.
Ndikhala naye mpaka tiyi wanga azizire.