Yopanda Malire

Chikwangwani chili pa rawundabauti, pafupi ndi nsanja ya wotchi.
Mtsikana wa mano oyera akuseka, foni m'manja,
pansi pake zilembo zazikulu ngati zitseko za sitolo:
YOPANDA MALIRE.
Ndinawerenga ndili pa kabaza,
pobwerera ndinawerenganso,
Lachisanu titatuluka ku mzikiti
ndinagulitsa mbuzi ya amayi, yamawanga ija.
Ndinawauza kuti ndangobwereka.

Kabokosi koyera ndinakakhomera pamwamba pa shelefu
m'kashopu kanga ka malata pa M'baluku,
momwe ndimathira mafilimu m'mamemore a anthu
ndi kutchaja mafoni a asodzi onunkha usipa.
Masiku khumi oyamba, ee!
Filimu inkagwa ngati bango lakupsa,
usanatambasule dzanja ili kale pansi.
Anyamata ankanditcha bwana Twaliki.

Tsiku la khumi ndi chimodzi kunabwera kamkombero.
Kanakhala pakati pa sikirini
n'kumazungulira,
kumazungulira,
galu wofuna kuluma mchira wake.
Ndinazimitsa, ndinayatsa.
Ndinapukuta kabokosi ndi malaya anga.
Ndinakakweza pansungwi pamwamba pa denga,
dzuwa la Okutobala likundiwotcha mapazi pamalata.
Kamkombero sikanatope.

Ndinaimba foni kwa eni ake.
Anandiyimbira kanyimbo mphindi makumi awiri,
kenako mawu aulemu, ozizira ngati madzi a mufiriji:
Pepani bambo, bandulo yanu sinathe ayi.
Tangochepetsa liwiro.
Mwagwiritsa ntchito mopitirira chilungamo.
Chilungamo chake cha ndani, achemwali?
Zinalembedwa, bambo. Pali kanyenyezi.

Ndinabwerera kuchikwangwani kuja masana.
Ndinapempha wakabaza agwire njinga, ndinaima pakaliyala.
Kanalipodi kanyenyezi, kumapeto kwa MALIRE,
ngati ntchentche yotera pamkate,
ndipo m'munsi mwenimweni, momwe fumbi la malole limathera,
timizere ta nyerere.
Mtsikana uja anali akusekabe.

Ndiye kuti anakuitanira kuphwando,
idya mpaka ukhute, mphika suuma,
utangotapa kawiri akulanda supuni
n'kukupatsa singano.
Mpunga ulipo. Palibe wakuthamangitsa.
Idya.

Lamulungu kunabwera Abiti Mdoka monga mwa masiku onse,
atavala mpango watsopano, wanda kumaso,
Zaituni ali kumbuyo atanyamula kope la sukulu
kuti aonetse bambo ake ku Joni
kuti masamu wakhoza onse.
Zaka zitatu bamboyo akugona kuseri kwa shopu ya Msomali,
mwana amamudziwa msinkhu wa foni basi.
Inalira. Anayankha.
Nkhope inabwera zidutswazidutswa ngati zigamba za telala,
inati, Zai...
n'kuuma pomwepo,
kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka.

Tinadikira.
Fani inkapukusa mutu uku ndi uku, kukana.
Mwana anakweza kope lija pafupi ndi galasi,
manja mpaka kunjenjemera,
kenako anatembenukira kwa ine:
Ankolo, ababa akundiona?

Ndinati akukuona.
Ndinabweza ndalama ya mayi ake, ndinawonjeza switi.

Tsopano ndimagona m'shopu.
Amati pakati pa usiku, tawuni ikagona,
njira imatseguka pang'ono,
ndiye ndimakhala maso ndi udzudzu wa mu Shire
kuwerenga maperesenti ngati wodwazika matenda:
makumi anayi ndi mphambu ziwiri,
makumi anayi ndi mphambu ziwiri,
makumi anayi ndi mphambu zitatu.
Azana ya m'bandakucha imandipeza ndisanafike theka.

Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi kuti mwezi uthe.
Dzulo uthenga unalowa, uwo wokha mwaliwiro:
Wonjezerani ndalama pang'ono, muthamangenso!
M'mawa uno amayi aima pakhomo la shopu,
chingwe chopanda mbuzi chili m'manja,
sanalankhule kanthu,
angoyang'ana kabokosi kaja
kakuphethira timaso take tobiriwira.