Mababu a Che Stambuli

Usamapupulume, anandiuza Che Stambuli,
ampu si wailesi yoti ukangodina yayankhula.
Yatsa, khala pansi, uchune zingwe zako,
mababu anayiwo afiire kaye ngati makala a tsanya,
ukatero uipatse gitala.

Anabwera nayo kuchokera ku Joni
atayikulunga m'mabulangete awiri,
malipiro a zaka zitatu zotsuka magalimoto a eni.
Anzawo anatsitsa malata ndi njinga zamoto,
iwo bokosi lolemera ngati thumba la simenti.
Pa M'baluku anawaseka mwezi wathunthu
mpaka usiku umene inalira.

Lero ili pa benchi langa kuseri kwa msika wa Soko,
ikung'ung'udza ngati njuchi za m'mphako,
ndipo Loweruka kuli ukwati ku Namwera.
Eni ake akhala pa kreti, manja ali njenjenje,
zala zinakana zingwe chaka chatha.

Ndasintha chingwe cha gitala. Ikung'ung'udzabe.
Ndayang'ana fyuzi, ndi wamoyo.
Ndagogoda babu lililonse ndi pensulo, pang'onopang'ono,
monga amachitira a chipatala pachifuwa cha mwana:
loyamba zii, lachiwiri zii,
lachitatu lati ngwee m'sipika
ngati mbale yagwa pa simenti.

Ndi limenelo, atero, osadzuka n'komwe.
Linagwedezeka pa kabaza tsiku lija
munainyamula isanazizire.

Ndazula pulagi kukhoma, ndatsegula kumbuyo.
Fumbi la m'mwezi wa Okutobala, mazira awiri a nalimata,
ndi fungo lija la phula lotentha.
Dzanja limodzi m'thumba, mwana iwe!
Makapasita sadziwa kuti magetsi wazimitsa,
amasunga mkwiyo mpaka mawa.
Andionetsa chipsera cha pa chala chamkombaphala,
chimene ndachiona kale kakhumi.
Ndakhetsa motowo ndi waya, mita yatsikira pansi,
ndiye ndalowetsa dzanja.

Babu lotere simungalipeze muno m'tauni,
ngakhale ku Limbe amangokupatsa la m'nyumba.
Koma iwo apisa m'thumba la mkanjo,
atulutsa sokosi yakale yomanga mfundo.
M'katimo muli lina, latsopano,
lakhala zaka khumi ndi zinayi likudikira tsiku lino.
Ndi lomaliza, atero. Ugwire ndi kansalu.

Mano ake asanu ndi anayi alowa m'malo mwake.
Ndaona kawiri ngati sipika ndi yolumikiza,
poti ampu yoyatsa yopanda pakamwa
imadziwotcha yokha m'mimba.

Ndadina. Magetsi athima tauni yonse.

Takhala choncho, thukuta lili kamukamu,
wogulitsa usipa wouma akutiseka pa khomo.
Adhana ya masana yadutsa, apita kukaswali, abwerako.
Cha m'ma folo firiji ya oyandikana nawo yatsokomola.

Sindinapupulume.
Mababu afiira mmodzimmodzi, lachilendo pambuyo.
Phokoso lija palibe, kwatsala kampweya chabe
ngati munthu wogona bwino.
Ndakhudza chingwe chachikulu,
malata a shedi anjenjemera,
telala wa kutsidya waimitsa makina.

Che Stambuli sanapemphe gitala.
Asanjika chikhatho pamwamba pa bokosi pomwe pamafunda,
maso ali chitsinzinire.
Tsitsa pang'ono, atero.
Ku Namwera ukakwere nayo kutsogolo,
pamiyendo, osati kumbuyo ndi mbuzi.