Wa M'khonde

Palibe anandivotera.
Nkhope yanga sinamatidwepo pamtengo wamagetsi,
koma mlonda wapachipata amadziwa
kuti khofi ndimamwa wopanda shuga,
ndipo khadi yolendewera m'khosi mwangayi
imatsegula zitseko zonse kupatula chimodzi.
Chimenecho sindichifuna.
Mkatimo amangokweza manja;
nkhani imapsera kuno, m'khonde.

Brussels, Lachiwiri, mvula yamvumbi ya Novembala.
Maambulera akudontha pakhomo la chikepe.
Ndadikira mphindi makumi anayi
kuti ndipeze zinayi zokha:
ulendo wa phungu Teunissen
kuchokera m'komiti kukafika kuofesi kwake.
Ndimayenda naye phazi ndi phazi.
Sindipempha, sindiopseza.
Ndimafunsa za bondo lija anachita opaleshoni,
kenako, ngati ndangokumbukira:
fakitale yakwanu ija, bwana,
antchito mazana asanu ndi limodzi,
Khirisimasi ili pamphuno.
Pepala langa ndi tsamba limodzi.
Munthu wotopa safika lachiwiri.

Miyezi isanu ndi inayi ndikusaka liwu limodzi.
Ndime 14 ikuti opanga mankhwala am'minda
"ayenera" kuulula zomwe anathiramo.
Ine ndikufuna "angathe".
Basi.
Musandiseke, mawu otere ndi omwe anandilera:
denga la nyumba yanga ndi "pokhapokha",
fizi ya Saskia kuyunivesite ndi "ngati n'kotheka",
ndipo galimoto ndinagula ndi koma mmodzi
amene ndinamusuntha usiku, anthu atatopa.

Lero pabenchi yanga ndapezapo mayi.
Ilinca Dobrescu, akuti, wochokera ku Romania,
masiku awiri m'basi, nsapato zikadali zonyowa.
Pamwendo wafumbata botolo lagalasi
lodzaza njuchi zakufa.
Ming'oma makumi atatu, akutero ndi zala,
yatsala isanu ndi iwiri.
Nayenso ndi wa m'khonde, wa tsiku limodzi,
wopanda khadi lachaka, wopanda tayi.
Wandifunsa chitseko chake n'chiti.
Ndamulozera. Ulemu sindilipiritsa.

Anampatsa mphindi ziwiri.
Womasulira anachedwa ndi imodzi.
Phungu anakweza botolo kuwindo,
anapukusa mutu, anajambulitsa nalo chithunzi,
ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chinam'gwiradi.
Koma chisoni chimakwera basi ya sikisi koloko.
Ine mawa ndidzakhala pano,
mkuja ndidzakhala pano,
ndi manambala, ndi maloya atatu, ndi dzina la galu wake.

Lachinayi manja anakwera.
Atatu okha ndiwo anapendeketsa sikelo.
Usiku womwewo, m'maofesi osazima nyale,
liwu langa linavala zinenero makumi awiri ndi zinayi,
ngakhale cha Ilinca,
kuti akaliwerenge bwino kwawo.

Foni inanjenjemera: wagwira ntchito, Lieven,
shampeni ali m'furiji.
Ndinabwerera kukatenga chikhoti changa.
Khonde lili zii, makina opukutira pansi okha akung'ung'udza.
Botolo lija lili pawindo,
pamwamba pa chitsulo chotenthetsa nyumba,
galasi lachita thukuta mkati.

Mnyamata wokolopa, Yassine, analinyamula ndi zala ziwiri.
N'lanu ili, bwana?

Ndinayang'ana timapiko tomatirira pagalasi.
Zaka makumi awiri ndikugulitsa mawu,
pakamwa panauma gwa.
Ndiyenera kuyankha.
Ndingathe kusayankha.

Chikepe chinatseguka, ndinalowa.