Ulusi wa Bambo Nemesio

Ku El Alto m'mawa umaluma zala,
mpweya ndi wochepa ngati malipiro a wophunzira ntchito.
Mwezi woyamba bambo Nemesio sanandigwiritse sipanala,
anandipatsa sanza ndi kampeni kobuntha.
"Pala. Pukuta. Pukutanso.
Chitsulo chamafuta sichimva ulimbo,
monga wokhuta samva malangizo."

Tsiku lina iwo atapita ku maliro
ndinatsala ndekha ndi minibasi ya mayi Eulogia.
Ndinafinya chubu cha silikoni mowolowa manja,
mzere wonenepa ngati chala changa chachikulu,
ndinati kuchuluka ndi chikondi,
pano sipadzadontha mpaka Yesu adzabwere.
Ndinamanga mabawuti nthawi yomweyo, ndi mphamvu zonse,
n'kuthira oyilo ulimbo usanaume.
Kunja kunatuluka milomo yofiira, ndinaipukuta.
Za m'kati sindinaziganize.

Patatha milungu itatu, pa msewu wa ku Oruro,
injini inagogoda kawiri n'kukhala chete,
anthu khumi ndi anayi ndi matumba a mbatata
akunjenjemera m'chipululu.

Titatsegula sampu bambo Nemesio sanakalipe.
Anatola m'sefa ya oyilo tinyongolotsi tofiira,
kamodzikamodzi, n'kutiyala pa chikhatho changa.
"Wachulutsa gaga m'diwa, Wilfredo.
Chimene chatulukira kunja chatulukiranso m'kati,
ndipo m'kati mulibe wopukuta."
Ndinagwira ntchito miyezi isanu osalandira.

Lero manja awo amanjenjemera,
amakhala pa tayala lakale, atafunda poncho,
maso okha ndiwo akugwirabe ntchito.
Ine ndimadula mlomo wa chubu pang'ono pokha
n'kuyendetsa ulusi umodzi wosaduka,
kuzungulira bowo la bawuti cha m'kati,
kadontho pa ngodya pamene zitsulo zitatu zimakumana.
Gasiketi ya hedi ndimaisiya youma, ili ndi nzeru zake.
Mabawuti ndimayamba ndi zala, modumphitsa,
ili ndi lija, lija ndi ili,
kenako timadikira.

Kudikirako ndiye kunandivuta kuphunzira.
Mwini galimoto amayang'ana wotchi,
ife tikumwa tiyi wa masamba a koka, osayankhula,
phiri la Illimani likuyera patali.

Mawa lake ndimayala nyuzipepala pansi pa injini
n'kuiliza.
Bambo Nemesio amaweramira pepalalo nthawi yaitali
ngati akuwerenga nkhani,
kenako amalipinda, louma,
n'kukulungiramo buledi wawo.