Chinsomba cha Nong Teryo

Lachitatu tinawerenga buku la Yona.
Mayi Villaflor anaima pazenera, choko chili m'manja,
mvula ikuwomba malata a kalasi,
nafunsa: ndani muno anathawapo kumene anatumidwa?
Onse anaseka. Ine ndinangomwetulira,
munthu wobwera ndi sutikesi imodzi,
Baibulo la chikuto chong'ambika
ndi ndalama za mpingo zowerengera ndi zala.

Loweruka Jenalyn anati: tiye kwathu ku Cebu,
ukachione ndi maso ako.
Tinawoloka pa boti tambala asanalire, kenako basi.
Kum'mawa kusanafiire mzere unali utakhota kale pagombe:
Akoreya, Ajeremani, banja la ku Manila lovala malaya ofanana,
aliyense nambala ili m'manja
ngati pa chipatala tsiku la sikelo.

Bambo ake a Jenalyn, Nong Teryo,
kale ankaponya ukonde. Lero amapalasa alendo.
Theka la ola, atsike, akwere ena.
Mnzawo amakhala yekha m'kabwato
ndi chidebe cha tinkhanu tosaposa njere ya mpunga,
uyap, amatero kuno,
akumwaza pamadzi monga wodyetsa nkhuku.

Ndiye chinatulukira.
Msana wa mawanga oyera, ngati thambo la usiku lagwera m'nyanja,
kukamwa kotambalala ngati chitseko cha chapelo chathu.
Chinaima chilili m'madzi, yasa, kudikira dzanja.
Pamphuno panali chipsera, pomwe chimakhula bwato.
Ndinamira nacho. Ndinajambula.
Sindibisa: kanayi.

Chinsomba cha Yona chinali ndi ulendo wake.
Chinatumidwa, chinameza, chinalavula, n'kupitirira.
Ichi njira ya kunyanja yakuya chikuyizengereza
chifukwa cha kadzutsa.

Madzulo ndinayankhula zimenezi patebulo,
ndi mawu a m'kalasi aja, oterera ngati sopo.
Nong Teryo anayamba amaliza kutafuna.
Analoza kudenga: malata awa.
Analoza Jenalyn: fizi ya uyu, yemwe ukukhala naye desiki imodzi.
Ukonde ukamabwera wopanda kanthu, anatero,
palibe anakwera ndege kudzationa.
Atatero anandiwonjezera mpunga ndi nsomba youma,
yogula kumsika,
pakuti mwa anzawo oponya ukonde atsala atatu
ndipo awiri mawondo anawakana.

Mlendo ndi mame, timatero kwathu.
Koma mame akuno amagwa m'mawa uliwonse, mabasi mabasi,
udzu n'kubiriwira ndithu,
pansi pake nthaka ikusanduka matope.
Ndinafuna kunena zimenezo. Ndinameza.
Mpunga wawo unali m'kamwa mwanga.

Usiku pamphasa tulo tinandithawa.
Ndinakumbukira kalata ya mwezi ndi mwezi
imene ndimalembera anthu ondilipirira sukulu:
chithunzi changa ndikumwetulira pakhomo pa laibulale,
vesi limodzi, zikomo zitatu.
Inenso ndimaima chilili, yasa,
pansi pa bwato la munthu amene sindinamuonepo nkhope.
Kodi chipsera changa chili pati?

Lolemba Mayi Villaflor anafuna masamba awiri
pa mutu wa kusunga munda wa Mulungu.
Ndinalemba kuti Adamu anauzidwa aulime nauyang'anire,
koma palibe pomwe anauzidwa za mtengo wa tikiti.
Ndinafufuta. Ndinalembanso.
Pepala linabooka.

Potuluka Jenalyn anandikoka malaya.
Unditumizire chithunzi chija, anati, cha pansi pa madzi.
Papa akufuna achione.
Zaka zonsezi amangoona msana ndi kukamwa,
ndiponso miyendo ya alendo ikupalapata.

Ndinatumiza zonse zinayi.
Yankho linabwera tikupemphera madzulo, foni ikunjenjemera m'thumba:
Akuti chawonda.