Kusala Kopanda Dzuwa Lolowa

Zaka makumi anayi ndasala Ramadani,
ndinkati njala ndimaidziwa ngati mnansi.
Koma kusala kuja kunali ndi khomo:
dzuwa likalowa, mwazini akaitana,
Nermin ankaika maolivi patebulo.

Kuno ku wodi, pamwamba pa Trabzon, khomo kulibe.
Kumutu kwa bedi apachika chikalata: asadye, asamwe.
Chakudya changa chikudontha m'botolo,
dontho, dontho,
kulowera pamkono, lilime osauzidwa.

Ine Şevket, wophika buledi,
amene ndadyetsa msewu wonse tambala asanalire,
lero ndikupempha thonje lonyowa.
Gülsüm, namwino wa usiku, amandipukuta milomo
nati, "Osameza, amalume."
Ndimameza pang'ono.
Amaona, koma amayang'ana kumbali.

Theka la chifu analichotsa Lolemba.
Sindinatsanzikane nalo.
Chatsala ndi mzere wa ulusi wakuda
umene umandiluma ndikatsokomola,
ndiye ndimakumbatira pilo ngati khanda.

M'mawa uliwonse adokotala amaika chitsulo chozizira pamimba
n'kumvetsera, ngati mlendo pakhomo la nyumba
imene eni ake anasamuka.
"Mwaphwisa?" amafunsa, ophunzira asanu ali chilili ndi zolembera.
Kanthu kamene mayi ankandikokera khutu
lero ndi kamene chipatala chonse chikudikira.

Rıfat, msodzi wa pabedi loyandikana,
anang'ambidwa tsiku limodzi ine ndisanalowe.
Iye wayamba kale msuzi.
Supuni yake ikagunda mbale
ndimatembenukira kukhoma, ndimawerenga ming'alu.

Usiku wachinayi, cha m'ma fili koloko,
nthawi imene ndimayatsa uvuni,
m'kati munamveka kugubuduka,
ngati wina akukoka mpando m'chipinda chamdima.
Kenako kamphepo, kakang'ono, kamanyazi.
Rıfat anaomba m'manja mumdimamo.
Ndinaseka, ulusi unandilanga, ndinasekabe.

Kutacha anandipatsa madzi, masupuni atatu.
Yoyamba ndinaisunga m'kamwa mpaka inafunda.
Ndinaimva ikutsika pang'onopang'ono,
ikufunsa njira m'mudzi umene misewu yasintha.

Masana Nermin anabwera ndi buledi m'chikwama,
osati woti ndidye, woti ndingomuona.
Ndinamunyema, ndinamununkhiza nthawi yaitali.
Mnyamata uja wamuchotsa msanga pamoto,
m'kati mukadali chinyezi.
Ukamuuze awonjezere mphindi zisanu, ndinatero.
Ukamuuzenso asasinthe kanthu pashelefu.
Ndikubwera.