Msana wa Nambala Faifi

Zaka khumi ndi ziwiri, Yotamu,
ndinkadziwa msana wako kuposa nkhope yako.
Ine pagolo, iwe patsogolo panga,
nambala faifi yosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza
poti yoyamba inamatuka ku Tsangano tsiku la mvula lija.
Mapewa ako akatsika
ndinkadziwiratu kuti kukubwera zoopsa.

Pa Lizulu ankakutcha Chitseko.
Amayi a tomato ankasiyira ana malonda
kudzakuona ukuwerenga mapazi a kamnyamata kaliwiro ka ku Biriwiri
monga mlimi awerengera mitambo.
Sunkathamanga. Unkangokaima pomwe mpira udzafikire.
Ndipo ukati wauchotsa, unkauchotsadi:
kudumpha msewu wa tala,
kukagwera m'munda wa kabichi ku Mozambiki,
ana n'kuwoloka malire opanda pasipoti kukautola
ife tikupumako.

Sindikunamizira zabwino zokhazokha poti wagona.
Chigongono chako chinali choipa.
Woyimbira uja wa ku Mlangeni, Fulaide,
anakutulutsa m'bwalo katatu chaka chimodzi,
koma usiku wathawu kusiwa
ndiye amalira kuposa tonse.

Nanga chigoli chija?
Fainolo, dzuwa litapendeka,
mbuzi ya mphoto ili chimangire pabulugamu,
unandibwezera mpira osacheuka
ine ndili kwina.
Unagubuduka pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yopita kumapemphero,
mpaka muukonde wathu womwe.
Masabata atatu osapatsana moni.
Kenako m'mawa wina ndinapeza thumba la kachewere pakhomo panga,
popanda mawu, popanda kalata.
Tinadya. Mpaka lero sitinagwirizane kuti wolakwa anali ndani.

Bondo litakana unabwerera kumsika,
kukweza matumba pamalole opita ku Limbe,
kutsimphina m'chisanu cha Juni ndi jekete ya kaunjika yopanda zipi.
Anyamata a lero, a jombo zobiriwira ndi zachikasu,
ena ankakupitirira osadziwa kuti apitirira ndani.
Koma ukaima m'mbali mwa bwalo, manja kumbuyo,
n'kukuwa kuti, "Tsekani pakatipo!"
ngakhale timu ya alendo inkatseka.

Chifuwa chija chinakulowa chakumbuyo.
Chinali ofusayidi, aliyense anaona,
koma panalibe wokweza mbendera.
Kuchipatala cha paboma unandigwira mkono,
mawu atasasa ngati kherere wonyowa:
"Goloboyi, usamatuluke msanga pagolo."
Ndinaseka, n'kukusendera nthochi.
Sindinamve kuti ukutsanzika.

Lero tanyamula bokosi, ife otsala a timu ija,
asanu ndi mmodzi, imvi ndi mimba,
Sikelo wa kumanzere uja ali ndi ndodo koma wakana kusiyira wina.
Ine andiika kutsogolo.
Kwa nthawi yoyamba uli kumbuyo kwanga, Yotamu Ngozo,
ndipo sindikudziwa koyang'ana.
Njira ya kumanda ili pululu ngati bwalo lopanda wotchinga,
mphepo ya ku Mlanda ikungolowa
popanda woifunsa kumene ikupita.

Adzukulu atamaliza, Esinala wako wandiitanira kuseri kwa nkhokwe
n'kundipatsa kajumbo.
M'katimo jezi ija, yofiira kale, tsopano ngati dothi la katondo,
ulusi wa feteleza ukugwirabe.
Akuti unanena kuti ipite kwa ine
chifukwa ndine ndinaiyang'ana nthawi yaitali.

Lamulungu kuli mpira, tikulandira a ku Kampepuza.
Ndidzapita. Ndidzaima kuseri kwa golo monga mwa masiku onse.
Pali kamwana ka Sikelo kamene kakuvala faifi tsopano,
koonda, mapewa ngati hang'ala,
kamathamangira mpira uliwonse ngati kagalu.
Ndidzakasiya kathamange mpaka katope.
Kenako ndidzakaitana pambali
n'kukauza za munthu wina amene ankangoima,
koma za chigoli chija
sindidzanena.